Lero ndayenda wopanda ndodo, zikomo nonse

Abale anga, lero pa 8 September, tsiku lathu ife a fizio (ochititsa odwala mafizo kuchipatala) dziko lonse, ndayenda kuchoka kunyumba mpaka kumsika wa Kapata wopanda ndodo, ndagula tomato ndi kapenta n'kubwerera ndekha. Kutsimphina kulipo inde koma ndafika. Ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze.

Amene simunamve, kumapeto kwa February tikuchokera ku Nc'wala ku Mtenguleni ndinali pa honda, mbuzi inangoti mumsewu balamanthu, ine ndinazindikira ndili m'ngalande fupa la ntchafu yakumanja litathyoka. Fupa lalikulu kuposa onse m'thupi limenelo, koma linalira ngati nthambi youma. Anandichita opaleshoni n'kuika chitsulo mkati mwa fupa. Mbuzi ija sinacheuke n'komwe kkkk.

Zaka 11 ndakhala ndikuuza anthu kuti pindani bondo, pondani pansi, musaope. Munthu akabwera tsiku lomuonanso bondo lili chiumire, pakamwa ndinkamulimbikitsa koma mumtima ndinkati uyu ndi ulesi chabe, mafizo kunyumba sachita. Mundikhululukire nonse amene ndinakuganizirani choncho. Tsiku limene anandiuza kuti ndinyamule mwendo uli chiwongokere pabedi, ndinauyang'ana, ndinaulamula, thukuta kamukamu, mwendo uli phee ngati wa munthu wina. Masabata awiri okha ntchafu inali itafota moti buluku linkakhwepa mbali imodzi. M'mutu ndinkadziwa zonse, kuti fupa limalumikizika bwino likamasenzetsedwa pang'onopang'ono monga adokotala alolera, kuti kugona kwambiri kumafooketsa minofu, kumabweretsa zilonda zam'mbuyo ndiponso magazi atha kuundana m'mitsempha, zonsezo ndimaphunzitsa ine ndemwe, koma phazi likati lifike pansi thupi lonse linkakana. Mantha aja sindinkawalemba m'faelo ya wodwala aliyense, pano ndiziwafunsa.

Zikomo mng'ono wanga wa kuntchito, amene anabwera kwa ife ali wophunzira ine n'kumamuonetsa kagwiridwe ka goniometer, kachipangizo koyezera kupindika kwa bondo. Ndiye amene anadzandiyeza nayo bondo n'kunena kuti akulu, madigiri 40 chabe. Kuti muyende bwino bondo limafuna kupindika madigiri ngati 60, kukhala pampando 90, koma kunyonyomala pachimbudzi chokumba muyenera kupitirira 120. Apa mpamene ndinachita manyazi. Odwala anga ambiri amachokera kumidzi ya ku Chipangali, Chadiza, Vubwi, kumene chimbudzi ndi chokumba, nsima amadyera pamphasa, ndipo ine ndinkawatulutsa akangofika 90 ati achira, osafunsa kuti nanga kuseri mukakhala bwanji. Mnyamatayu sanandimvere chisoni, ankakankha bondo ine ndikumutukwana mumtima, iye ali pumani akulu, tiwonjezere pang'ono. Sabata yatha tayeza 125.

Zikomo amake ana. Inu ndiye munaona zonse, ndowa ya usiku, kundisambitsa, ukali wanga wopanda chifukwa. M'mawa uliwonse musanapite kumsika munkakoleka chitenje kuphazi langa kuti ndizikoka chidendene chibwere kumatako, inu n'kumawerenga mpaka 10, ndikaba imodzi mumayambiranso pa 1. Kenaka paketi ya shuga ya 2kg munkandimangirira pakakolo kuti ndizinyamula, ana n'kumadandaula kuti tiyi lero alibe shuga chifukwa adadi akuchitira mafizo. Ife kuchipatala timamuona wodwala mphindi 30 mwina kawiri pa sabata, maola ena onsewo ali m'manja mwa munthu ngati inu, ndipo dzina lanu silili m'buku lililonse.

Apongozi anga anachoka ku Chadiza ndi nkhuku ziwiri komanso nzeru yoti anditeme mphini pabondo. Tinakambirana mwaulemu mpaka tinagwirizana kuti mphini ayi, koma bala litapola azindithowa ndi madzi ofunda tisanayambe kupinda, ndipo kunena zoona zinkafewetsa. Zikomo amai. Zikomo manesi a usiku, madokotala amene anandiika chitsulo, amai a Chigwirizano amene ankabwera ndi nyimbo ndi ufa, ndi anyamata a njinga pa siteji yathu amene ankandikweza ndodo zili pamiyendo n'kumapalasa mosamala pamabampu ngati anyamula mazira.

Koma amene anandigwetsa misozi ndi agogo ena a sitiroko amene ndinawathandiza zaka zitatu zapitazo. Nthawi imeneyo ankandida, ankati mwana iwe ulibe chifundo. Atamva za ngozi anauza mdzukulu wawo awabweretse, anafika ndi ndodo yawo ndi nsawawa m'kathumba, anandipeza ndaima pamasitepe awiri apakhonde ndikuwayang'ana ngati phiri la Kanjala. Sanandipatse moni n'komwe. Anangoti adokotala, pokwera utsogole mwendo wabwino, potsika itsogole ndodo ndi wodwalawo, si inu munandiphunzitsa? Tsikani tione. Ndinatsika, iwo akuwomba m'manja ndi dzanja lomwe lija linali lopinimbira, ati onani ulesi wathawa. Mawu anga omwe, ndinawamva kuwawa kwake tsiku limenelo.

Ntchito ndiyamba Lolemba, theka la tsiku kaye. Amene mukubwera mukonzeke, kukankha sindinasiye, koma ndiyamba ndakufunsani za chimbudzi, za pogona ndi za amene amakudzutsani m'mawa, ndipo ameneyo muzibwera naye kuti naye ndimuonetse kagwiridwe.

Chomaliza, zikomo akalipentala a pafupi ndi kwathu amene munandikhomera mpando wobowola pakati wokhalira pachimbudzi, ndalama munakana. Mpandowo ine ndathana nawo, ndautsuka bwinobwino ndi Jik uli pakhonde, ndodo ziwiri zija zilinso pompo. Amene muli ndi wodwala wosatha kunyonyomala nditumireni uthenga mudzatenge, kungoti mukathana nazo mubweze.