Miyezi itatu ndi 70-200 f/2.8: zimene manja anga aphunzira

Sabata yoyamba

Zaka zingapo zapitazi ndakhala ndikujambula ndi kalenzi ka 50mm, koti ukakamanga pa kamera umaiwala kuti kalipo. Tsopano m'chikwama mwanga mwalowa lenzi yaikulu yokokera zinthu zakutali, Canon EF 70-200mm f/2.8L IS II USM. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, utoto wake woyera unafufutika pang'ono m'mbali, koma galasi lakutsogolo lilibe pokandika ngakhale pamodzi. Mtundu umenewu unatuluka mu 2010. Canon inatulutsanso wachitatu mu 2018, koma magalasi a m'kati anawasiya mmene analili, chimene anasintha kwenikweni ndi zopaka za pagalasi zochepetsa kuthwanima kwa dzuwa. N'chifukwa chake mtima wanga unakhazikika pa wachiwiriyu.

Chinthu choyamba chimene lenziyi imakuuza ndi kulemera kwake. Payokha ndi magalamu 1,490, ndipo ndikaimanga pa kamera yanga ya Canon 5D Mark III katundu yense amayandikira makilogalamu 2.5. Kulemerako kuli ndi chifukwa chake. Nambala ya f imaonetsa kukula kwa khomo lolowera kuwala: ikachepa, khomolo limakula. Kuti lenzi ilowetse kuwala kwa f/2.8 ili pa 200mm, khomo lolowera kuwalako liyenera kukhala lotambalala mamilimita 71, chifukwa 200 tikagawa ndi 2.8 timapeza pamenepo. Ndiye kutsogolo kwake kumalandira fyuluta ya 77mm, ndipo m'kati muli magalasi 23 m'magulu 19, ndipo ena mwa iwo ndi apadera: limodzi la fluorite, asanu a mtundu wotchedwa UD. Magalasi apaderawa ndi amene amathandiza kuti mitundu isamwazikane m'mphepete mwa zinthu zowala.

Tsiku loyamba ndinaigwira monga ndinkagwirira kalenzi kaja, dzanja lamanja litakumbatira kamera, lamanzere likungothandizira. Ola lisanathe mkono unayamba kuwawa ndipo zithunzi zinayamba kupendama. Madzulo ake ndinakhala pansi n'kuyesa kagwiridwe kena: lenzi igone m'chikhatho chakumanzere, chigongono chitsamire nthiti, dzanja lamanja lingotsala ndi ntchito yodina mabatani. Kusiyana kwake ndinakumva pompo. Kaphazi komangira pa tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu) ndinakatembenuzira m'mwamba kuti kasamandibaye m'chikhatho, ndipo kakakhala pamwambapo kamasanduka chogwirira ponyamula. Lamba ndinamuchotsanso pa kamera n'kumumanga pa kaphazi komweko, kuti kulemera konse kusamakokere pamene lenzi ndi kamera zimalumikizana.

Sabata yachitatu

Pano ndiye ndinada nkhawa. Zithunzi zambiri zimene ndinabwera nazo zinali ndi chimbuuzi, ndipo maganizo oyamba anali oti mwina ndagula lenzi yodwala. Ndinazitsegula pa kompyuta chimodzichimodzi, n'kuzikulitsa, n'kumayang'ana manambala a chilichonse. Ndinapeza kuti chimbuuzicho sichinali cha mtundu umodzi. Chinali cha mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi mankhwala akeake.

China chinali cha manja anga. Chimenechi chimadziwika chifukwa chithunzi chonse chimakhala ngati chakokedwera mbali imodzi, munthu ndi mtengo ndi khoma lomwe. Pa 200mm lenzi imangoona madigiri 12 okha, ndiye kunjenjemera kochepa kwa dzanja kumakulitsidwa limodzi ndi chinthu chojambulidwacho. Lamulo lakale limati liwiro la shata (chitseko chimene chimatseguka kamphindi kuti kuwala kulowe) lisatsike pansi pa nambala ya lenzi, ndiye pa 200mm ukhale pa 1/200 ya sekondi kapena kupitirira. IS ya lenziyi, yomwe ndi makina a m'kati ochepetsa kugwedezeka, Canon imati imapulumutsa masitopu 4 (sitopu iliyonse imachulukitsa kawiri nthawi imene shata yatseguka), kutanthauza kuti papepala ukhoza kutsika mpaka cha m'ma 1/13. Ine manja anga amandilola 1/30 ndikaima bwino, ndipo kutsika apo ndimachita kujambula zingapo motsatizana kuti chimodzi chipulumuke. Ndinazindikiranso kuti ndinkafulumira. Ukadina batani theka, IS imafuna kamphindi kuti igwire. Umamva kaphokoso kakang'ono m'kati, kenako chithunzi chimene ukuona chimaima chilili. Ine ndinkadina chisanaime.

Chachiwiri chinali cha chinthu chojambulidwacho. IS imaletsa kugwedezeka kwa lenzi basi, mwana amene akuthamanga singamuimitse. Khoma limatuluka bwinobwino koma mwanayo ali mbuu. Apa palibe kuchitira mwina, shata ikwere: 1/1000 kwa munthu wothamanga, 1/2000 kwa mbalame youluka, ISO (nambala imene ukaikweza chithunzi chimawala ngakhale kuwala kolowa kuchepe) ikwere mmene ingakwerere.

Chachitatu ndi chimene chinandidya nthawi, ndipo ndikufuna anzanga amene mukuganiza zogula lenzi ngati iyi muchimvetse. Pa 200mm, f/2.8, munthu ataima mamita 3 kuchokera pa kamera ya sensa yaikulu ngati yangayi (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), danga limene limatuluka looneka bwino silifika masentimita 4. Pa mamita 5 limakhala cha m'ma masentimita 10. Ndiye fokasi ikagwira mphuno, maso apita. Ikagwira phewa, nkhope yonse yapita. Ine ndinazolowera kugwira fokasi ndi kadontho kapakati kenako n'kusuntha kamera kuti munthu akhale chakumbali. Pa kalenzi kaja nditatseka f/5.6 zinkatheka. Pano kusuntha komweko, kapena kungoweramira kutsogolo pang'ono popuma, n'kokwanira kuchotsa fokasi pa diso. Tsopano ndimayamba ndakonza chithunzi mmene ndikuchifunira, kenako ndimasuntha kadontho ka fokasi ndi chala chachikulu mpaka kakhale pa diso lapafupi.

Sabata yachisanu

Kuti mtima ukhale pansi, ndinaiyesa lenzi payokha, manja anga atachokapo. Ndinamata mapepala olembedwa zilembo zing'onozing'ono pakhoma, kamera pa tripod, IS yozimitsa, shata yodikira masekondi awiri. Ndinajambula pa 70mm, 135mm ndi 200mm, paliponse pa f/2.8, f/4, f/5.6 ndi f/8.

Pakati pa chithunzi, f/2.8 inatulutsa kale zilembo zowerengeka mpaka timadontho. Kutseka f/4 kunawonjezera pang'ono chabe. M'makona ndi momwe munali nkhani: pa f/2.8 mumachita kamdima, makamaka pa 200mm, ndipo kamdimako kamachepa pa f/4, pofika f/5.6 sindinkakaonanso. Mizere yowongoka imatukukira kunja pang'ono pa 70mm, pa 200mm imapindikira m'kati. Zonsezi pulogalamu yokonzera zithunzi imaziwongola, ndipo kunena zoona kamdima ka m'makonako pa chithunzi cha munthu ndimakasiya dala, kamathandiza diso kuthamangira pa nkhope.

Koma mayesowa anaululanso kanthu kena. Ndikagwira fokasi poyang'ana pa sikirini yakumbuyo, zilembo zinkatuluka bwino kuposa ndikagwira posuzumira. Pa kamera zokhala ndi kagalasi kotembenuka m'kati, fokasi ya posuzumira imayezedwa ndi kasensa kena kapadera, osati sensa yojambulayo, ndiye ziwirizi zikasemphana pang'ono fokasi imagwa kutsogolo kapena kumbuyo kwa pamene waloza. Yanga inkagwa kutsogolo pa 200mm. Mwamwayi 5D Mark III imalola kukonza zimenezi kuyambira pa -20 mpaka +20, ndipo imasunga nambala ya mbali ya 70mm payokha, ya 200mm payokhanso. Ndinayala rula mopendeketsa pafupi ndi pepala, n'kumasuntha nambala pang'onopang'ono mpaka fokasi inagwa pamzere umene ndinaloza. Inali ntchito ya madzulo onse, koma kuyambira tsikulo maso a anthu anayamba kutuluka ndi nsidze zowerengeka. Amene muli ndi kamera zopanda kagalasi kameneka vutoli simukumana nalo, poti fokasi yanu imayezedwa pa sensa yojambula yomweyo.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Ndinapita nayo ku bwalo la mpira, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaona chifukwa chake akatswiri amalolera kusenza mtolo umenewu. Lenziyi siitalika ukamazungulitsa zumu, zonse zimayenda m'kati, ndiye kulemera kwake sikusuntha m'dzanja. Ringi ya zumu ili chakufupi ndi kamera, ya fokasi ili kutsogolo, ndipo zala ziwiri zimakwanitsa kuchoka pa 70 kufika pa 200 osasintha kagwiridwe. Nikon pa lenzi yawo ya 70-200mm f/2.8E FL ya mu 2016 anasinthanitsa maringi awiriwa, ya zumu n'kupita kutsogolo. Ndinaigwirako ya mnzanga, ndipo zala zanga zinkangothamangira pa ringi yolakwika. Iye amati mmene yakeyo ilili ndi momwe dzanja limachirikiza bwino kutsogolo kolemerako. Mwina akunena zoona, koma ine dzanja langa lazolowera kale kuno.

Maswichi anayi a m'mbali ndinkawaona ngati zokongoletsa, kufikira tsikuli. Ya pamwamba imasankha kuti fokasi izisaka kuyambira pa mamita 1.2 kapena pa mamita 2.5 kupita kutali. Osewera ali kutali, ndiye ndinaika pa 2.5, ndipo fokasi ikaphonya imabwerera msanga chifukwa ulendo wake wafupika. Kamera ndinaika pa AI Servo, yomwe ndi fokasi yotsatira chinthu choyenda, fokasi n'kuisamutsira pa batani la AF-ON lakumbuyo, kuti chala chachikulu chizitsatira wosewera pamene cholozera chikudikira nthawi yodina. Masiku awiri oyamba ndinkaiwala n'kumadina shata fokasi isanagwire, koma pano sindikufunanso kubwerera.

Pochoka ku bwaloko ndinayesa Mode 2 ya IS pa anthu opalasa njinga. Mode 1 imalimbana ndi kugwedezeka kwa mbali zonse, ndiye ukamatsatira chinthu choyenda imakhala ngati ikukukaniza. Mode 2 imasiya mbali imene ukuyendetsera lenzi n'kumangokonza inayo. Pa 1/60, ndikutembenuka ndi chiuno osati ndi manja, ndinapeza zingapo zimene wanjinga ali bwinobwino, masipoko asungunuka, kumbuyo konse kwasanduka mizere. Pa 1/30 sindinapezebe ngakhale chimodzi chondikhutiritsa.

Extender ya 1.4x, kachipangizo kolowa pakati pa lenzi ndi kamera kowonjezera mphamvu yokokera, ndinabwereka kwa tsiku limodzi. Imasandutsa lenzi kukhala 98-280mm f/4. Zithunzi zinali zabwinobe, fokasi inachedwerako pang'ono. Kwa mbalame zing'onozing'ono 280mm ndi yochepabe, ndiye nkhani imeneyo ndaisiya kaye.

Tsiku lomwelo ndinaphunziranso kuti masana dzuwa likaswa mtengo, chinthu chakutali sichituluka bwino ngakhale uchite zotani. Mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi umapinda kuwala, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kunyezimirako. Mtengo womwewo ndinaujambulanso m'mamawa kutazizira, masamba ake n'kumaoneka limodzilimodzi.

Sabata yakhumi ndi chiwiri

Chithunzi chimene ndikuchikonda kwambiri pa miyezi itatuyi ndi cha bambo anga. Iwo sakonda kamera. Ukawayandikira nayo nkhope imauma gwa, mapewa n'kukwera. Tsikulo anali atakhala panja akucheza ndi mdzukulu wawo, ine ndili chapatali mamita ngati 8, pa 200mm, f/2.8, 1/500. Sanadziwe kuti ndikujambula. Mwanayo ananena kanthu, iwo n'kuseka mpaka maso kutsinzina, ndipo ndinadina pamenepo. Makwinya a pambali pa diso akuoneka onse, imvi zikuwerengeka, mitengo ya kumbuyo yasungunuka n'kukhala chobiriwira chofewa. Nditawaonetsa anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, unali pati?"

Anthu amakonda kunena kuti lenzi yaitali imapanikiza zinthu, zakumbuyo n'kuoneka zazikulu ndi zapafupi. Ndinayesa ndekha: nditaima malo amodzi ndinajambula pa 70mm ndi pa 200mm, kenako cha 70mm chija ndinachidula kuti chifanane ndi chinzake. Kukula kwa munthu poyerekeza ndi zakumbuyo kunali chimodzimodzi. Chimene chimasintha maonekedwe ndi mtunda umene waima, lenzi imangokulola kuima kutali koma chithunzi n'kudzaza. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndasankha poima, zumu ndimaigwira pambuyo.

Mvula yowaza inandipezapo kamodzi. Hudi yake (chotchingira cha kutsogolo kwa lenzi), ET-87, ndi yakuya ndithu moti madontho sanafike pagalasi, ndipo pamene lenzi imalumikizana ndi kamera pali kamphira kotchinga madzi ndi fumbi. Nditafika kunyumba ndinaipukuta n'kuisiya pa mpweya, kenako m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel, chifukwa chinyezi chikakhalitsa m'kati nkhungu imamera pagalasi.

Za kulemera sindinama, zimandiganizitsabe. Canon RF 70-200mm f/2.8 ya mu 2019, ya makamera opanda kagalasi kaja, ndi magalamu 1,070 okha, ya Sony ya GM II ya mu 2021 ndi 1,045. Kusiyana kwa magalamu oposa 400 ukumva ndithu pofika ola lachitatu. Komabe RF ya 2019 ija imatalika ukamazungulitsa zumu ndipo siilandira extender, pamene ine zinthu ziwiri zimenezi ndazikonda pa yangayi. Ndiye ndayamba ndapeza monopod, choikapo kamera cha mwendo umodzi. Loweruka likubwerali ndikubwerera kwa anjinga aja, lenzi itakhala pa monopod, kolala yogwira kaphazi kaja yomasula pang'ono kuti lenzi izitembenuka, Mode 2, shata pa 1/30.