Kusula matchizulo kuchokera ku sipuling'i yakale ya lole

Sabata ino yatha ndili ndi matchizulo awiri odulira chitsulo chozizira, panchi imodzi yoboolera ndi kasemasema, zonse zochokera ku sipuling'i yakale ya lole. Zikudula bwino, sizikupindika, sizikubenthuka. Mtima wakhala pansi tsopano, koma kuti ndifike apa ndinataya tsiku lathunthu, theka la thumba la makala ndi ndalama, chifukwa cha chitsulo chomwe anandigulitsa chitafa kale.

Nkhani imayambira pa bwalo la sikirapu. Chitsulo chimalimba chifukwa cha kaboni yemwe ali m'kati mwake. Chija chopangira mageti ndi mafelemu a mawindo chili ndi kaboni wochepa, wosafika magawo 0.3 pa 100, ndipo ngakhale muchiviike m'madzi kakhumi sichingagwire mpeni wodalirika. Sipuling'i yafulati ya kumbuyo kwa lole kapena pikapu nthawi zambiri imakhala ya mtundu womwe amautchula 5160 kapena wofanana nawo, wa kaboni pafupifupi 0.6 pa 100 ndi chromium pang'ono. Imeneyo ndiye yabwino pa tchizulo, panchi, nkhwangwa ndi kasemasema. Sipuling'i yozungulira ija mukaiwongola imatulutsa mapanchi abwino. Shafuti ya ekiselo ndi ya nyundo. Tupa yakale ili ndi kaboni wambiri, pafupifupi 1 pa 100, yabwino pa mipeni ndi zopalira koma yosachedwa kusweka pa chida chomenyedwa. Zitsulo za mu ling'ibimu, ma Y12 aja, musaziwerengere: mbali ina ilimba, mbali ina ikana, ndodo imodzi yomweyo.

Pa bwalo lomwe ndinapita, anakana kuti ndisankhe ndekha. Anandikokera masamba awiri a sipuling'i othyoka pakati, odzaza matope ndi girisi, n'kuwaika pa sikelo ndi mabawuti ake omwe. Matope ndinalipira, dzimbiri ndinalipira, mabawuti osafunika ndinalipira. Nditapempha kuti andidulire kachidutswa ndikayese kaye, anati kudula kuli ndi mtengo wake wapadera, ndipo chikadulidwa ndiye kuti ndagula chonse. Nditatulutsa tupa kuti ndingopala pangodya, anandiletsa ngati ndikuwononga katundu wa mu shopu. Sikirapu! Chinthu chogona pamvula zaka zingapo. Ndipo mawu omwe amandiwawabe mpaka lero ndi oti kuthyoka kwakeko ndi umboni woti chitsulocho n'cholimba. Bodza lenileni. Sipuling'i ikathyoka pamsewu ndiye kuti yatopa ndi kupindika kwa zaka zambiri, ndipo mng'alu womwe unaithyola uli ndi anzake ang'onoang'ono pafupi, osaoneka ndi maso pansi pa dzimbiri. Ndinasula matchizulo atatu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo onse atatu anang'aluka m'litali nditangowaviika. Munthu wogulitsa zitsulo tsiku ndi tsiku amadziwa zimenezi.

Choncho musagule sipuling'i yothyoka. Tengani tsamba lathunthu, lipachikeni pa waya, ligogodeni ndi nyundo. Labwino limalira ngwee nthawi yaitali, long'aluka limangoti pho n'kuleka. Pewaninso pafupi ndi bowo lapakati ndi pamene masamba akhala akukhulana mpaka kukumbika. Ndipo musanasule chilichonse, dulani kachidutswa kotalika ngati chala, mukayese.

Kuyesako kulibe zovuta. Kagunditseni pa gilainda muone mbaliwali zake. Chitsulo chofewa chimatulutsa mizere yaitali yowongoka yosaphulika kwenikweni, cha kaboni wambiri chimatulutsa mbaliwali zothetheka kumapeto ngati nthambi za mtengo. Kenako kasuleni mpaka kapyapyale ngati mamilimita 4, katenthetseni, kaviikeni m'mafuta, kamangeni pa vayisi, kaphimbeni ndi chiguduli n'kukamenya. Kakathyoka phwa ngati galasi, chitsulocho chimalimba. Kakapindika, yesani kena m'madzi. Kakapindikabe, chitsulocho chisungireni mbaniro ndi zokowera. Yang'ananinso pothyokapo: pakhale posalala, potuwa, ngati ufa woyera wosefa. Pakakhala ngati mchenga wa kumtsinje kapena shuga, munatenthetsa mopitirira.

Ndisanaiwale, zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi otuwa aja ndi mabawuti onyezimira, zisalowe pamoto. Utsi wake woyera umadwalitsa, munthu amagona ndi malungo ndi kuphwanya m'thupi. Mashokabuzoba ndi chilichonse chotsekeka mbali zonse chisayandikirenso chipala, chimaphulika.

Posula, sipuling'i imafuna moto wokwanira. Menyani chitsulo chili pakati pa mtundu wa lalanje ndi wachikasu, chikabwerera ku kufiira kwa mdima chibwezeni pamakala. Kuchimenya chitazirala ndi njira ina yoikira ming'alu ndi manja anu omwe. Mbali inayo, mukapukusa mvukuto mwaukali mpaka chitsulo chiyambe kulavula mbaliwali chili m'moto, chapsa, ndipo gawo limenelo ndi lodula n'kutaya. Chikangofiira koyamba chiyang'anitsitseni, poti ming'alu yobisika imaoneka ngati timizere takuda pa chitsulo chowala. Ngati mukusula tupa, yambani mwapala mano ake onse pa gilainda, chifukwa dzino lililonse lopindikira m'kati limasanduka poyambira mng'alu. Matupa ena otchipa amalimba khungu lokha, m'kati muli chitsulo chofewa, ndiye nawonso ayeseni kachidutswa kaye.

Mukamaliza kuumba chidacho musathamangire mafuta. Apa ndi pomwe ambiri amadumpha. Chitenthetseni mpaka maginito aleke kugwira, chichotseni, chisiyeni pamphepo chizizire chokha mpaka chide. Bwerezani katatu, ulendo uliwonse moto wocheperako pang'ono. Izi zimabweza chitsulo m'malo mwake pambuyo pa nyundo ndipo m'kati mwake mumasalala. Ngati mukufuna kuchipala ndi tupa kapena kuchiboola, chitenthetseninso chimodzimodzi n'kuchikwirira m'ndowa ya phulusa louma usiku wonse, m'mawa muchipeza chofewa. Palani maonekedwe onse nthawi imeneyi, koma kukamwa kwake kusiyeni kokhuthala ngati milimita imodzi. Mukanola mpaka kuthwa musanalimbitse, nsongayo imapsa kapena kupindika. Tchizulo yodulira chitsulo chozizira imafuna kukamwa kwa ngodya ya madigiri 60, osati kopyapyala ngati ya kalipentala.

Kulimbitsa chitani madzulo kapena pamthunzi wa bii. Padzuwa maso amanama, chitsulo chimaoneka chofiira pang'ono pomwe chafika kale pa lalanje. Ine ndimagwiritsa maginito a m'sipika yakale omangidwa pa waya. Chitsulo chimaleka kugwira maginito pa madigiri 770 a Celsius, koma sipuling'i imafuna kupitirira pang'ono, cha m'ma 830. Ndiye maginito akaleka, chibwezeni pamoto chiwale pang'ono chabe kuposa pamenepo, chikhale choncho mphindi imodzi kapena ziwiri, kutentha kufike m'kati. Mchere wa m'khitchini umasungunuka pa 801, ndiye mukawaza pang'ono n'kuona ukuyenderera, mwayandikira. Pa tchizulo tenthetsani masentimita 4 kapena 5 a kunsonga okha. Kumutu komenyedwa ndi nyundo kusalimbe ngakhale pang'ono, chifukwa mutu wolimba umabenthuka ndipo kachidutswako kamalowa m'diso kapena m'dzanja.

Sipuling'i imaviikidwa m'mafuta, osati m'madzi. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri, mumangomva kuti tee m'kati mwa ndowa, ntchito yatha. Mafuta ophikira, ngakhale otsala kwa okazinga tchipisi mutawasefa, amaposa oyilo wakuda wa injini yemwe utsi wake ndi poizoni ndipo amasiya chikhungu chakuda chovuta kuchotsa. Akhale malita 4 kapena 5 m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro pafupi, chozimitsira moto ukabuka. Chigubu cha pulasitiki ayi. Yambani mwaponyamo chitsulo china chamoto kuti mafuta afunde kufika cha m'ma 50, pomwe chala chimapirira pang'ono chabe, poti mafuta ozizira ndi olemera ndipo sachotsa kutentha msanga. Lowetsani nsonga choimirira, muziyendetsa m'mwamba ndi pansi. Mukamayendetsa cham'mbali, mbali imodzi imazizira msanga ndipo chida chimakhota. Kukweza ndi kutsitsako kumathandizanso kuti pasakhale mzere umodzi pomwe cholimba chikukumana ndi chofewa, chifukwa pamenepo ndi pomwe tchizulo imadukira.

Chikazizira, pukutani n'kuyesa ndi tupa. Ikamatsetsereka osaluma, mwalimbitsa. Ikaluma, palani pang'ono kaye pamwamba, poti nthawi zina khungu lokha ndi lomwe lataya kaboni pamoto. Ikalumabe pansi pake, moto unachepa kapena munachedwa pakati pa chipala ndi chitini.

Tsopano chidacho n'cholimba ngati galasi, ndipo chikhoza kung'aluka chokha mutachisiya pa benchi usiku. Chibwezeni nthawi yomweyo, kutanthauza kuchitenthetsanso pang'ono kuti kuumako kuchepe, musadikire mawa. Palani nsonga ndi sandipepa iwale mbee, ikani thunthu la chidacho pa chitsulo chokhuthala chomwe mwafiiritsa, nsonga ili panja, n'kuyang'ana mitundu ikuyenda kuchokera kumbuyo. Umayamba mtundu wa udzu wouma cha m'ma 220, kenako wa uchi cha m'ma 240, wa tiyi wopanda mkaka, wa khungu la biringanya cha m'ma 280, kenako buluu cha m'ma 300. Mpeni ndi kasemasema ndimaimitsa pa uchi. Tchizulo ya chitsulo chozizira ndi panchi ndimadikira mpaka tiyi ayambe kulowa biringanya. Mtundu womwe mukufuna ukafika pansonga, viikani msanga. Mitunduyo iyende pang'onopang'ono, yotambalala. Ikathamanga yothithikana, kunja kokha ndi komwe kwabwerera, m'kati mukadali mouma. Palaninso n'kubwereza kachiwiri, sizitenga mphindi 10.

Zida zogwira chitsulo chamoto, monga tchizulo yodulira pofiira, musavutike nazo kuzilimbitsa, kutentha kwa ntchitoyo kumafafaniza zonse. Mbaniro nazo zikhale za chitsulo chofewa, chifukwa mumaziviika m'madzi kawirikawiri zili zotentha ndipo za sipuling'i zimakuthyokerani chitsulo chamoto chili m'kamwa mwake. Nyundo ya shafuti imalimbitsidwa kumaso kokha, pabowo la mpini pakhale pofewa.

Ndibwerezenso za kachidutswa kaja, chifukwa tsiku lonse lija likanapulumuka ndi mphindi 20. Tsamba lililonse la sipuling'i liyeseni palokha, ngakhale achokere pa lole imodzi, poti amakanika amasakaniza masamba a magalimoto osiyana pokonza. Lembani ndi choko pa tsambalo kuti linalimba m'mafuta kapena m'madzi, ndi mtundu womwe munaimitsira.

Yeso lomaliza ndi ntchito yeniyeni. Nolani tchizulo pang'onopang'ono, mukuviika m'madzi kuti nsonga isasinthe mtundu pa gilainda, kenako dulani ndodo yachitsulo chofewa ya mamilimita 10 pa chitsulo chosalimba, osati pamwamba pa chosulira chanu. Kukamwa kukabenthuka, bwezaninso pamoto mtundu umodzi kutsogolo. Kukafwanyika kapena kupindika, munabweza mopitirira, yambiraninso kulimbitsa. Yanga yachiwiri inabenthuka pang'ono pa uchi, nditaifikitsa pa biringanya yadula ndodo zisanu ndi imodzi osasintha. Sipuling'i yake ndinakagula pa bwalo lina, komwe anandilola kuigogoda ndi kuipala ndi tupa ndisanatulutse ndalama.