Chingerezi changa mwezi uno: ma phrasal verb ndi kabokosi ka makadi

Mwezi uno ndasiya kuloweza ma phrasal verb (aneni a Chingerezi otsatiridwa ndi kamawu kamene kamasintha tanthauzo lawo) potsata mndandanda wa alifabeti, ndipo ndayamba kuwaika m'magulu potengera kamawu kamene kamatsatira mneni, monga "up", "off" ndi "out". Mndandanda wa alifabeti umaika "put away", "put down", "put off" ndi "put up with" pa tsamba limodzi, ndipo popeza onsewa amayamba mofanana koma matanthauzo awo ndi otalikirana kwambiri, pofika mawa lake amakhala atasokonekera m'mutu.

Gulu limene landitsegula maso ndi la "up". M'mawu ngati "eat up", "drink up", "use up" ndi "burn up", kamawuka sikakunena za kukwera m'mwamba ayi, koma kakusonyeza kuti ntchitoyo yachitika mpaka osatsala kanthu. Ife timachita zomwezo posintha mneni kumapeto kwake: mwana akauzidwa kuti adye nsima ndi nkhani ina, akauzidwa kuti adyeretu ndi nkhani inanso. Chimene Chichewa chimalumikiza ku mneni, Chingerezi chimachilemba padera, ndipo nditazindikira zimenezi gulu lonse linayamba kulowa mosavuta. Nalo gulu la "off" likuyenda bwino, chifukwa "cut off", "call off", "break off" ndi "switch off" onse ali ndi ganizo la kudula kapena kulekeza chinthu. Komabe pali ena osamva lamulo, monga "take after", kutanthauza kutengera kholo, ndi "put up with", kutanthauza kupirira chinthu chosasangalatsa, ndipo amenewa palibe kuchitira mwina koma kungowaloweza. Vutoli si la ife tokha kapena la lero: mlembi wa ku England, Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya mu 1755, anatchula kale kuti aneni oterewa ndi amene amazunza kwambiri alendo ophunzira Chingerezi.

Pa nkhani yobwereza, ndikugwiritsa ntchito njira imene mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anaifalitsa mu 1972. Ndinatenga katoni ya nsapato n'kuigawa zipinda ndi timakatoni, ndipo makadi ndimadula kuchokera ku mapepala olimba a kalendala yakale. Khadi limene ndayankha bwino limasamukira chipinda chotsatira, chimene ndimachitsegula mwa apo ndi apo, pamene khadi limene landikanika limabwerera kuchipinda choyamba, chimene ndimachiona tsiku lililonse. Maziko ake ndi zimene katswiri wa za kaganizidwe ka munthu wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885, zoti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira kumene, ndipo kubwereza modumphitsa masiku kumachepetsa kuiwalako. Pulogalamu ya Anki imachita zonsezi pafoni, koma ine ndimaona kuti chiganizo chimene ndachilemba ndi dzanja chimakhazikika msanga.

Pa khadi sindilembanso mneni yekha. Kutsogolo ndimalemba chiganizo chathunthu chokhala ndi mpata, mwachitsanzo cha msonkhano umene walephereka chifukwa cha mvula, ndipo kuseri ndimalemba "called off". Ndimaonjezeranso chiganizo chachiwiri chokhala ndi mlowam'malo, chifukwa apa m'pamene ambiri timapunthwa: munthu atha kunena "turn down the offer" kapena "turn the offer down", koma akagwiritsa ntchito "it" ayenera kumuika pakati, kuti akhale "turn it down". Aneni ena, monga "look into" ndi "put up with", salola kugawidwa n'komwe, choncho makadi awo ndawajambula kamzere kofiira pakona.

Chinanso chimene ndikulemba pansi pa khadi lililonse ndi mnzake wa mawuwo wogwiritsidwa ntchito m'makalata a kuofesi. "Put off" ali ndi "postpone", "look into" ali ndi "investigate", ndipo "put up with" ali ndi "tolerate". Mawu aulemu oterewa ambiri anachokera ku Chilatini ndi Chifalansa, zinenero zimene zinalowerera kwambiri m'Chingerezi Anomani, anthu ochokera kumpoto kwa France, atagonjetsa England mu 1066 ndiponso m'zaka zotsatira. Ife amene tinaphunzira Chingerezi m'kalasi timadziwa bwino mawu aatali amenewa, n'chifukwa chake tikamacheza timamveka ngati tikuwerenga kalata yopempha ntchito.

Zining'a ndazichepetsa dala. "Raining cats and dogs" imapezeka m'mabuku ambiri ophunzitsira, koma m'mapulogalamu a BBC amene ndimamvetsera sindikumana nayo, pamene "on the fence" ndi "a long shot" zimamveka kawirikawiri pa nkhani za ndale ndi zamasewero. Tsopano chining'a chimalowa m'bokosi pokhapokha ndikachimva ndekha m'kamwa mwa munthu kapena kuchiwerenga m'nyuzipepala.

Mwezi wamawa ndiyamba gulu la "out", ndipo ndaona kale kuti lifunika kuligawa pawiri, chifukwa "find out" ndi "point out" akunena za kuonekera poyera, pamene "run out" ndi "die out" akunena za kutha.