Mmene tinapangira preamplifier ya valavu imodzi ku Kapata

Tinalipo anayi, ndipo tinkakumana Loweruka lililonse masana kuseri kwa shopu ya mkulu wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Cholinga chathu chinali kupanga kachipangizo kokhala pakati pa foni ndi ampulifaya, kogwiritsa ntchito valavu (kachubu kagalasi kokulitsa mawu) monga mawailesi a makolo athu, popanda kuwononga ndalama zambiri.

Mkangano woyamba unali wa valavu. Ine ndinkafuna 12AX7 chifukwa ndiyo yotchuka, koma mkuluyo anatiunikira kuti imakulitsa mawu mopitirira zimene tinkafuna, popeza mphamvu yake yokulitsira ndi 100 pamene ya 12AU7 siyipitirira 20, ndipo mawu ochokera mu foni amakhala okwanira kale. Tinasankha 12AU7, imene ku Ulaya amaitcha ECC82. Mkati mwake muli zigawo ziwiri zofanana, choncho imodzi inakwanira sipika ya kumanja ndi ya kumanzere. Valavuyo ndi soketi yake ya mabowo 9 tinaitanitsa ku Lusaka, ndipo zinabwera pa basi zitakulungidwa m'sokosi.

Ntchito yeniyeni inali pa magetsi. Valavu imafuna mavoti ochuluka, koma transifoma yake yeniyeni ndi yodula, motero tinatenga matransifoma awiri wamba a 12V n'kuwalumikiza mbali zawo za 12V. Yoyamba imatsitsa 230V ya pakhoma kufika pa 12V, pamene timatengapo moto wotenthetsa valavu pa miyendo 4 ndi 5, ndipo yachiwiri, poti yatembenuzidwa, imakwezanso magetsiwo. Titaika madayodi anayi a 1N4007 ndi makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) a 400V amene tinazula m'mabokosi a magetsi a makompyuta akufa, mita inaonetsa mavoti pafupifupi 250. Pa miyendo 1 ndi 6 ya valavu tinaika rezisita (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya 47k, pa 3 ndi 8 ya 1.5k, ndipo potulukira mawu tinatchinga ndi kapasita kuti mavoti aakuluwo asafike ku ampulifaya.

Tsiku loyesa, ndinazimitsa pakhoma n'kutambasula dzanja kuti ndikonze waya wina, koma mkuluyo anandigwira pamkono. "Mphwanga, kapasita siimva kuti malaiti apita. Yamba wayeza, ndipo dzanja linalo uliike m'thumba." Nditayeza ndinapeza mavoti oposa 200 akadalimo. Tsiku lomwelo tinawotcherera rezisita ya 220k pakati pa miyendo ya kapasita kuti izitaya mphamvuyo pang'onopang'ono, komanso tinamangirira waya wa earth ku bokosi lachitsulo.

Nyimbo zinamveka, koma pansi pake panali kulira kosalekeza ngati njuchi zili m'mphako, ndipo kulira kumeneku kunatidyera Maloweruka awiri. Tinapota mawaya awiri otenthetsa valavu ngati chingwe cha mlaza n'kuwagoneka m'mbali mwa bokosi, kutali ndi miyendo 2 ndi 7 polowera mawu, ndipo kunachepako pang'ono. Tinasonkhanitsa mawaya onse a ground, obwererapo magetsi, pamalo amodzi, koma sikunathe. Chimene chinathetsa vutolo chinali kachidutswa ka waya kosakwana chala, kochoka pa mwendo 9 kupita ku ground. Mwendo umenewu ndi pakati penipeni pa waya wotenthetsa, ndipo ife tinali titausiya wopanda kanthu poganiza kuti umagwira ntchito pokhapokha valavu ikamatenthetsedwa ndi 6.3V m'malo mwa 12V.

Kunena zoona, sindingalumbire kuti mawu ake amaposa a chipangizo cha matransisita, ngakhale anzanga awiri amaumirira kuti besi yake ndi yofewa. Panopa kachipangizoko kamagona kwa aliyense wa ife mwezi umodzi, ndipo tayamba kale kusonkha ndalama za valavu yachiwiri, chifukwa mnzathu wa ku Mchini amakana kukabweza nthawi yake ikatha.