Zikomo chifukwa cha Ansgar wathu, ndiponso kwa agogo amene anamutcha dzina

Lachiwiri lapitali tinatuluka m'chipatala ndi mwana wathu wamwamuna atakhalamo masabata asanu ndi awiri, ndipo ndikulemba mawu awa pakati pa usiku, iye ali m'tulo pachifuwa pa mayi ake, ine zikope zikulemera koma tulo tosabwera. Ambiri a inu mukudziwa kale kuti anabadwa pa 3 February masiku asanakwane, akulemera makilogalamu 1.4 okha, ndiponso kuti mayi ake anachitidwa opareshoni mwadzidzidzi, choncho sindibwereza zonsezo. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga miyoyo iwiri usiku umodzi. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a kuno ku Hamburg amene anatiphunzitsa kufungatira mwana m'njira ya kangaroo pamene manja athu ankanjenjemera, ndikuthokozanso amayi a m'kwaya amene ankabwera ndi chakudya Lamlungu lililonse, ndi apongozi anga ku Dedza amene ankaimba foni m'mamawa uliwonse kuti tipemphere limodzi.

Koma pali munthu mmodzi amene sindingathe kumuika pamndandanda ngati ena onse. Ndi mayi wachijeremani wokalamba, wamasiye, amene amakhala m'nyumba ya pansi pathu, ndipo ife timangowatchula kuti agogo. Kwa zaka zitatu tinkangopatsana moni pamasitepe. Usiku umene mkazi wanga anayamba kutaya magazi, ambulansi itamutenga, ndinatsala nditaima pakhomo ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi, osadziwa kuti ndimusiya ndi yani. Agogowo anatuluka atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, anamunyamula mtsikanayo osafunsa funso lililonse, kenaka anandiika m'dzanja makiyi a galimoto yawo yaing'ono, ataona kuti ndikungoyang'ana, anatsika okha kukapala madzi oundana pagalasi lakutsogolo. Kuyambira tsiku limenelo anali iwo amene ankaperekeza mtsikana wathu kusukulu ya mkaka, amene ankanyamula mkaka wofinya wa mayi m'kachikwama kozizira kupita nawo kuchipatala mkazi wanga asanathe kuyenda bwino, ndiponso amene analuka kachipewa kakang'ono koti kangakwane lalanje. Tsiku lina anayesa kutiphikira nsima ndi ufa wachikasu wa m'sitolo, inatuluka ya mibulu yokhayokha, koma ndinaidya yonse misozi ikugwera m'mbale. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mawuwo ndawaona akuchitika mwa munthu amene sanawamvepo.

Popeza ambiri mwakhala mukufunsa za dzina la mwanayu, ena mokoma mtima ena mwachipongwe, ndiloleni ndifotokoze pano kamodzi kokha. Kwathu kholo silithamangira kutcha mwana dzina. Timadikira kuti atuluke m'chikuta, mchombo utagwa, ndipo ulemu wotcha dzina timaupereka kwa wachibale kapena munthu amene banja likumulemekeza. Kuno boma limafuna kuti dzina lilembedwe ku ofesi ya kalembera pasanathe mwezi umodzi, ndipo ife masabata awiri oyamba tinkaopa ngakhale kuganiza za dzina, chifukwa mwanayo anali m'bokosi la galasi ndi timapaipi m'mphuno. Titalimba mtima, ine ndi mkazi wanga tinagwirizana kuti ulemuwo ndi wa agogo. Tinawafotokozera mwambo wathu m'Chijeremani chathu chothyokathyoka, iwo anakana kawiri, kachitatu anakwera masitepe ndi kalendala yawo ya tchalitchi, naloza pa 3 February. Pamenepo panalembedwa kuti Ansgar.

Dzinali ndi lakale kwambiri, lochokera m'zilankhulo za makolo a Ajeremani, ndipo monga maina ambiri a anthu amenewo, linapangidwa polumikiza mawu awiri. Mawu oyamba, ans, ankatanthauza mulungu, ndipo achiwiri, gar kapena ger, ankatanthauza mkondo, kotero kuti Ansgar ndi mkondo wa mulungu. Mkondo womwewo uli m'maina amene tinawazolowera osadziwa tanthauzo lake, monga Gerald, Gertrude, Edgar ndi Roger, pamene mawu oti ans ali m'dzina loti Anselm, ndipo kwa Angerezi akale anasanduka os, monga mwa Oswald. Ku Denmark dzina lomweli amalitchula kuti Asger, ku Norway amati Asgeir, ndipo Angerezi akale ankati Osgar. Anthu ambiri kuno amati Oskar ndi Ansgar ndi dzina limodzi, ngakhale kuti akatswiri ena amalondola Oscar ku chilankhulo cha ku Ireland.

Amalume anga atamva tanthauzoli anandilembera uthenga wautali, akudandaula kuti mulungu amene akutchulidwa m'dzinalo sanali Mulungu wa m'Baibulo koma milungu ya anthu achikunja. Pa mbiri yake akunena zoona, pakuti mawu oti ans ndi omwewo amene anthu a kumpoto ankatchulira gulu la milungu yawo, ya Odin ndi Thor. Koma ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ife amene timapemphera kwa Chauta sitiyenera kudabwa ndi zimenezi. Dzina loti Chauta makolo athu ankalitchula pansi pa mitengo ya nsembe amishonale asanafike, mkati mwake muli uta, ndipo lero lili m'Buku Loyera ndi m'nyimbo zathu za m'tchalitchi. Ngati uta unaloledwa kulowa m'nyumba ya Mulungu, sindikuona chifukwa choti mkondo utsale panja. Amalume sanayankhe, koma anatumiza ndalama ya sopo wa mwana, ndipo ndikuwathokoza.

Munthu amene anachititsa kuti dzinali lisaiwalike ndi Ansgar Woyera, amene anabadwa mu 801 kufupi ndi Amiens kumpoto kwa France. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, anakulira m'nyumba ya amonke ku Corbie, kenaka anatumizidwa kukaphunzitsa ku Corvey m'mbali mwa mtsinje wa Weser. Mu 826 mfumu ina ya ku Denmark, Harald Klak, itabatizidwa ku Mainz, Ansgar ndiye anavomera kupita nayo kukalalikira kudziko limene anzake ankaliopa. Cha m'ma 830 anapitirira mpaka ku Birka ku Sweden, ndipo Rimbert, wophunzira wake amene analemba mbiri ya moyo wake, akusimba kuti achifwamba a panyanja anawalanda katundu panjira, kuphatikizapo mabuku pafupifupi 40, moti ulendo wotsalawo anaumaliza movutika, mbali yaikulu wapansi. Mu 831 anakhala bishopu woyamba wa Hamburg, mzinda uno umene mwana wanga wabadwira. Mu 845 a Viking, ankhondo a panyanja ochokera kumpoto, anakwera mtsinje wa Elbe ndi zombo zawo natentha mzindawo, tchalitchi ndi mabuku ake onse, ndipo iye anathawa wopanda ngakhale mkanjo wake. Anayambiranso ku Bremen, anabwereranso ku Denmark ndi ku Sweden, ankaombola akapolo, ndipo anamwalira ku Bremen pa 3 February 865. Amatchedwa mtumwi wa kumpoto, ndipo chiboliboli chake chaima pamlatho wa Trostbrücke pakati pa Hamburg, pamene ndakhala ndikudutsa zaka zonsezi osakweza maso.

Agogo anandisimbira mbiriyi m'kakhonde ka chipatala, pang'onopang'ono kuti ndimve, ndipo chimene iwo anatsindika sichinali mkondo ayi. Anati munthuyu zinthu zinkamuthera kangapo konse, koma ankadzukanso m'mawa n'kuyamba. Sabata imeneyo mwana wathu anali atatsika thupi ndipo anali atabwezeredwa pamakina opumira, choncho mukhoza kudziwa nokha mmene mawuwo anandikhudzira.

Amene mukuganiza kuti tatengera fasho ya Azungu, dziwani kuti ngakhale kuno dzinali ndi losowa. Bungwe la Gesellschaft für deutsche Sprache la ku Wiesbaden limatulutsa chaka ndi chaka maina amene makolo akukonda, ndipo m'zaka zaposachedwapa pamwamba pamakhala maina ngati Noah, Matteo, Leon ndi Paul, pamene Ansgar sayandikira n'komwe khumi oyambirira. Oskar mumamumva pabwalo lililonse lamasewera a ana, koma Ansgar mumakumana naye kawirikawiri pakati pa amuna achikulire a m'mabanja achikatolika a kumpoto ndi kumadzulo kwa Germany. Namwino wina atawerenga dzinalo pakabedi anaseka, nati wagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda chimenecho koma sanalandirepo Ansgar. Okonda mpira mwina mukudziwa Ansgar Knauff, wobadwa mu 2002, amene anapambana chikho cha Europa League ndi Eintracht Frankfurt mu 2022, ndipo kwa achinyamata ambiri kuno dzinalo analimvera kwa iyeyo.

Ndikudabwa pang'ono kuti ena amene afunsa mokweza kuti bwanji sitinapatse mwana dzina lachichewa ndi omwe aja amene amakhala mtunda wa mphindi 20 pasitima kuchokera kuchipatala, koma m'masabata asanu ndi awiri anangotumiza kachithunzi ka manja opemphera pa WhatsApp. Sindikusunga mangawa, ndipo khomo lathu ndi lotsegula. Dziwani chabe kuti dzina lachichewa lilipo, anapereka ndi apongozi anga, ndipo pachikalata chake chobadwira palembedwa Ansgar Limbikani. Agogo ake a ku Dedza lilime likuwakana, akumutchula kuti Anisigala, ndipo msuweni wanga wanena kuti mwanayu wabadwa ndi ulemu wake kale, popeza dzina lake likuyamba ndi A ngati mmene timatchulira akuluakulu.

Agogo a pansi sadziwa Chichewa ndipo alibe Facebook, koma mkazi wanga walonjeza kuti mawa awawerengera mawu awa m'Chijeremani. Agogo, inu munatisungira mwana mmodzi pamene ife tinali kulimbana ndi imfa ya wina, munatibwereka galimoto, tulo tanu ndi manja anu, ndipo pamapeto pake munatipatsa dzina. Mwatiuza kuti kuno anthu akale ankakondwerera tsiku la woyera amene anatengera dzina lake koposa tsiku lobadwa, ndipo kwa mwana uyu masiku awiriwo agwera pamodzi, choncho pa 3 February chaka chilichonse mpando wanu udzakhalapo patebulo pathu. Ambuye akuonjezereni masiku kuti mudzamuone akuyenda, akutsika yekha masitepe kubwera kudzagogoda kwanu.

Amene mukufuna kudzaona mwana, adokotala atilangiza kuti tidikire masabata angapo ndipo aliyense wa chimfine asabwere, choncho musakhumudwe tikakupemphani kuti muyambe mwaimba foni. Lachisanu tikubwerera naye kusikelo, ndipo agogo anena kale kuti galimoto idzakhala italira pakhomo 8 koloko m'mawa.