Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Shuga wa Khirisimasi

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Achemwali a ku Johannesburg amene munati munawerengera kuntchito mpaka misozi, Mulungu akusungeni. Koma pali bambo wina amene analemba kuti ndikuyalutsa banja la malemu amuna anga, n'kuwonjezera kuti chibale ndi fupa, sichiola. Bambo, mwambi umenewo ndimaudziwa, agogo anga ku Dedza ankaunena kawirikawiri. Pempho langa ndi lakuti muwerenge gawo ili lonse musanandiweruze.

Tinalekezera pamene tinachoka ku Mbare, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, mu 2005, tinyumba ta kuseri titagwetsedwa mumzinda monse, n'kukapeza chipinda chimodzi cha lendi ku Budiriro, ku Harare komweko, kwa Amayi eni nyumba aja ndinakuuzani kuti poyamba ankangoyankha moni ndi mutu. Moyo unayambiranso. Abambo a ana ankasoka pakhonde, ine ndinkagulitsa tomato ndi repu pamsewu, ana ankapita kusukulu. Kenaka chinafika chaka cha 2008.

Inu amene munali kumudzi nthawi imeneyo munkangomva pa wailesi. Ife tinachiona ndi maso. Ndalama imene wagulitsira tomato m'mawa, pofika madzulo sinkakwananso kukwera kombi. Mu Ogasiti anachotsa maziro 10 pa ndalama, koma posakhalitsa anabwereranso. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Amene anali ndi marandi ankapita ku Musina ku South Africa kapena ku Francistown ku Botswana kukagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Mipopi inauma, anthu anakumba zitsime pakhomo, ndipo madzi a m'masuweji ophulika ankayenda m'misewu mmene ana ankasewera. Kolera inayambira ku Chitungwiza mu Ogasiti momwemo, ndipo itafika ku Budiriro inakhazikika. Mmene inkatha mu 2009 inali itapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Mmodzi wa iwo anali wanga.

Abambo a ana anayamba kudwala pakati pa usiku, mu Disembala. Magetsi kunalibe. Ndinangomva akutuluka panja, kubwera, kutulukanso, kenaka analephera kudzuka. Nditayatsa kandulo ndinaona zimene zinali m'beseni, zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo ndinadziwa. Maso anali atalowa m'kati. Munthu amene madzulo omwewo ankaseka ndi ana, mawu ake anali atathera kukhosi. Miyendo inkakokana, iwo akulumira mano kuti ana asadzuke. M'nyumba mwathu munali mchere, koma shuga tinali titaiwala ndi kukoma kwake komwe.

Ndinakagogoda kwa Amayi. Ndinagogoda ndili ndi mantha, chifukwa masiku amenewo munthu akangomva kuti kwanu kwagwa kolera ankakutsekera chitseko. Anatuluka atafunda chitenje, anandiyang'ana, sanafunse zambiri. Analowanso, ndinamva makiyi, ndinamva kabati ikutseguka. Anatuluka ndi paketi ya shuga yosatsegula, imene mwana wawo wamkazi anawabweretsera kuchokera ku Musina, ndipo iwo ankaisungira Khirisimasi ya adzukulu. Anaing'amba ndi mano pakhonde pomwepo. Anasonkha moto wa nkhuni, anawiritsa madzi, anathira m'botolo la 750 ml, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere, mmene a zaumoyo ankaphunzitsira kuno. Anagwada pansi pomwe panali ponyowa, n'kuika mutu wa amuna anga pamwendo pawo.

"Mwana wanga, usalire tsopano. Ziwamwetsa pang'onopang'ono. Akasanza, uwamwetsenso."

Tinachezera choncho. Botolo likatha ankapanga lina. Shugayo ndinkamuona akutsika m'paketi, iwo osayang'anako n'komwe. Kutangoyamba kucha anadzutsa mnyamata wawo womaliza, anayala bulangete lawo mu wilibala, ndipo tinawakankha mpaka kumatenti kumene ankalandirira odwala. Panjira tinakumana ndi mawilibala ena. Pageti anatipopera mankhwala kumapazi ndi m'manja. M'kati munali mabedi obowola pakati, chidebe pansi pake, madiripi atapachikidwa paliponse. Anamwino aja ndimawapempherera mpaka lero, chifukwa malipiro awo nthawi imeneyo sankagula kanthu, koma ankathamanga usiku ndi usana.

Asanawalowetse, abambo a ana anandikoka chitenje. Ndinawerama kuti ndimve. Anati, "Mayi a ana, makina aja musagulitse." Sanatchule za kumudzi, sanatchule za ngongole. Mawu awo omaliza kwa ine anali amenewo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikakumbukira ndi maliro ake. Kwathu munthu amasambitsidwa, amagona m'nyumba mwake usiku womaliza, amayi amachezera kuimba, m'mawa anthu amaona nkhope. Ine zonsezi sindinazione. Thupi linakulungidwa m'pulasitiki, silinaloledwe kufika pakhomo, ndipo ana anga sanaone nkhope ya bambo awo. Sindikuimba mlandu aliyense, lamulolo linali loteteza amoyo. Koma mtima wa mkazi wamasiye sumva za malamulo. Tinakawaika ku Granville, kumene anthu amangoti kuMbudzi, kutali ndi manda a makolo awo.

Ndinaimbira foni alamu anga a ku Mabvuku, akulu awo enieni a malemu, bere limodzi. Anati, "Mlamu, matendawa mukuwadziwa, ine ndili ndi ana." Sanabwere. Pa ichi chokha sindinawasungire mangawa, mantha anali paliponse. Amene anabwera anali amayi ochepa a kumpingo kwathu kwa CCAP, ndi madala a bungwe lathu la maliro, machona amene anabwera kuno kudzera ku Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kuno, ena nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe mu 1963. Anthu amenewa ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo amadziwa kuti kuchilendo munthu amaikidwa ndi anzake. Mdala wina wachiyao, Msilamu, telala mnzawo wa malemu, anamasula kansalu n'kutulutsa marandi ake onse kuti tilipire galimoto.

A zaumoyo anali ataletsa kupatsana moni wa m'manja pamaliro. Choncho aliyense ankaima patali, kuwomba m'manja pang'ono, kunena kuti pepani, n'kubwerera m'mbuyo. Ndinaima pamanda paja ndekha pakati pa anthu, aliyense akuopa kundikhudza. Dothi litayamba kugwera pabokosi miyendo yanga inafooka. Amene anandiwakha anali Amayi. Anandikumbatira ndi manja onse awiri, nkhope yanga pachifuwa pawo, chitenje chawo chikununkha utsi wa nkhuni, ndipo sanandisiye mpaka manda anatha. Ankalira m'Chishona, ine ndikulira m'Chichewa. Mayi amene sindinkadziwa ngakhale mudzi wawo.

Titabwerera, anansi ena anawauza kuti atithamangitse, ati mabhurandaya, dzina limene amatitchula ife a ku Malawi, ndi amene tabweretsa matenda pamalopo. Ndinamva ndekha ndili m'chipinda. Amayi anawayankha kuti madzi amene tonse tikumwa ndi amodzi, ndipo aliyense apite akasamale chitsime chake. Za lendi sanandifunse mpaka ndalama za ku America zitayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo ngakhale pamenepo anati ndiyambe ndalipirira ana sukulu.

Tsopano imvani za alamu. Matenda atachepa anatulukira ndi galimoto ya hayala, akuti adzatenge makina osokera ndi bedi, poti ndi katundu wa m'bale wawo. Apa ndi pamene ndinawasungira. Munthu woopa kolera ndinamumvetsa, koma uyu anali ndi mphamvu zonyamula makina amene ankayenera kudyetsa ana a mng'ono wake. Ine pakamwa panauma. Amayi anaima pageti, manja m'chiuno.

"Bambo, pamaliro sindinakuoneni. Ndinu ndani?"

Alamu anayamba kufotokoza za mwambo wa kwawo. Amayi anati pakhomo pano mwambo ndi wawo, ndipo chotuluka pageti ili ndi chimene iwo alola. Galimoto inabwerera yopanda kanthu. Alamu, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Sindinawonjezere liwu ngakhale limodzi.

Makina aja mdala wachiyao uja anandiphunzitsa kupalasa, ndipo mayunifolomu a sukulu ndi amene alera ana anga. Zaka khumi zinapita choncho.

Ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindinabwerere ku Malawi ana atakula, pomwe njira ya ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi ya tsiku limodzi. Ena a kwathu anafika ponena kuti ndinadyetsedwa mankhwala. Yankho lake ndi ili. Kumayambiriro kwa 2020 Amayi anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mu Malichi dziko linatsekedwa chifukwa cha Covid. Ana awo anali ku England ndi ku Cape Town. Ndi ana abwino, ankatumiza ndalama mwezi uliwonse, ankaimba pa vidiyo mpaka kulira. Inenso ndimatumiza ndalama ku Dedza pafoni, ndipo sindinyoza zimenezo, masiku ano ambirife timakondana choncho chifukwa umphawi unatimwaza. Koma wodwala amafunika kumutembenuza usiku kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumupukuta pakamwa phala likatayika. Pamafunika munthu amene ali pomwepo. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinaone ngati ndikubweza ngongole. Anali mayi anga.

Tsiku lina ndikuwamwetsa tiyi ndinawakumbutsa za shuga uja. Lilime linali litalemera, koma anayesetsa mpaka ndinamva. Anati Khirisimasi imeneyo adzukulu anamwa tiyi wopanda shuga ndipo palibe anafa. Anatisiya mu 2021. Iwowo ndinawasambitsa, pamodzi ndi achemwali awo, ndipo ana awo anandikhazika pamphasa ya abale.

Ndikulekeza apa chifukwa maso sakuonanso bwino. Gawo likubwerali ndidzakuuzani za madzulo ena mvula ikugwa, pamene mtsikana woyembekezera anagogoda pageti ndi kachikwama kamodzi. Nditamuunika ndi foni ndinaona kuti ndi mwana wa alamu anga a ku Mabvuku, bambo ake atamuthamangitsa.