Azakhali anga, zikomo: ntchito ija yapezeka

Abale anga, Lolemba ndikuyamba ntchito ya ukalaliki wa ku stores pa kampani ina ku Kanengo. Manja akunjenjemerabe pamene ndikulemba izi. Mmene ulova unandizunzira chimalizireni sukulu mukudziwa nonse, sindibwerezanso. Mulungu wamva kulira kwanga, dzina lake litamandike.

Amayi, zikomo chifukwa cha ndalama za minibasi zomwe munkachotsa pa mpamba wa mandasi osadandaula. Anzanga a kwaya, mapemphero anu sanapite pachabe.

Koma munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi azakhali anga a ku Area 25. Anali sekilitale ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo makalata ofunsira ntchito adutsa ambirimbiri m'manja mwawo. Ndinkapita kwawo Loweruka ndi chidutswa cha nyuzipepala, kaya ya Nation kaya Daily Times. Iwo kuvala magalasi, kutenga cholembera chofiira, n'kuyamba kudula mzere pansi pa chilichonse chomwe olemba ntchitowo akufuna. Kenako funso: "Apa akufuna wodziwa Excel. Wayankha pati? Apa akufuna wodziwa kusunga katundu. Wayankha pati?" Kalata imodzi yomwazira kulikonse ankaikana. Ntchito iliyonse kalata yakeyake, tsamba limodzi basi, dzina la udindo lilembedwe monga lilili mu nyuzipepalamo.

Mawu oti "ndine wolimbikira komanso wokhulupirika" ankawafufuta osafunsa. "Mwanawe, aliyense amalemba zomwezo. Nena zimene unachita ndi manja akowa." Ndi iwo amene anandikumbutsa kuti ndakhala ndikulemba mabuku a banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi popanda kusokoneza ndalama ya munthu, komanso kuti ndinkawerengera simenti ndi malata m'shopu ya amalume ku Mchesi. Zonsezi zinalowa m'kalata. Za umphawi wa kwathu anandiletsa kutchula, amati bwana salemba munthu ntchito chifukwa cha chisoni. Ndikamaliza ankandiimiritsa kuti ndiwerenge mokweza, pomwe lilime lapunthwa pamenepo tikonzenso. Anandiuzanso kuti ndiyambe ndawaimbira ma referee, anthu ondiikira umboni kwa olemba ntchito, ndisanalembe maina awo, asadzadzidzimuke foni ikabwera.

Ku intavyu, funso loyamba linali la banki m'khonde lija. Misozi inalengeza, ndinangoimeza n'kuyankha.

Azakhali, munali ndi BP yanu, maso akuvutani, koma simunandibwezepo pakhomo. Tsiku lomwe ndinafika nditataya mtima, ndikuti basi ndisiye, munandiphikira tiyi, n'kundikankhira pepala lina kuti tiyambirenso. Ambuye akuwonjezereni masiku, akusungireni maso amenewo.

Aja munkati "tanditumizira CV yako pa WhatsApp" kenako zii, mpaka kusiya kuyankha moni wanga, ndakuonani mwayamba kale kuimba foni. Ndilibe nanu mangawa. Ndipo bambo aja munandiuza kuti ndipereke kangachepe kuti dzina langa lilowe pa mndandanda, ndalowa osapereka ngakhale tambala.

Anzanga omwe mukuyendabe ndi envelopu ya khaki, azakhali avomera kuona makalata a anthu awiri kapena atatu Loweruka likubwerali masana. Ndiuzeni ku inbox msanga, ndipo mubwere ndi chidutswa cha vacancy yomwe mukufunsirayo, chifukwa popanda chimenecho sawerenga.